Nthunzi ya pa fakitale ya tiyi izigwira ntchito kawiri

Wodutsa pa msewu wa Limbe, Thyolo mpaka Mulanje akaona zofuka pa denga la fakitale ya tiyi amangoti ndi utsi. Si zonse. Chotuluka pa chumuni chachitali ndiye utsi weniweni wa bulugamu. Chotuluka chakumadilaya, makina oumitsira tiyi, ndi chinyezi cha masamba, ndipo chimenecho chiyenera kutuluka ndithu, apo ayi tiyi sauma. Koma pali kamtambo kena koyera mbee kamene kamafuka pa kapaipi ka kuseri, kapena m'ngalande, usana ndi usiku osaleka. Imeneyo ndi nthunzi ya mu boyila imene yathawa isanamalize ntchito. Ine ndikaiona mtima umandipweteka, chifukwa ndimadziwa kuti kuseri kwake kuli mitengo imene inakula zaka 7 kapena 8, munthu n'kuidula, thirakitala n'kuikoka, wina n'kuiwaza, wina n'kuiponya pamoto, mapeto ake n'kukafunditsa mpweya wa panja.

Ndinakulira m'malaini a esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo ntchito yanga ndi ya ufita: mapaipi, mapampu, mavalavu. Amalume anga anakalambira pa boyila. Choncho nkhani ya nthunzi yotayika sindinaiyambire m'buku, ngakhale mabuku ndiwo anadzandiuza kuti vutoli anthu akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 250.

Tiyambe ndi madzi enieniwo. Tengani lita imodzi ya madzi a pa mpopi, ozizira madigiri 20. Kuti afike powira, pa madigiri 100, kapena kucheperapo pang'ono kuno kumapiri, pamafunika moto wakutiwakuti. Koma kuti lita yomweyo iphwe yonse n'kusanduka nthunzi, pamafunika moto wowirikiza pafupifupi ka 7, chonsecho kutentha kwa madziwo sikukwera ndi pang'ono pomwe. Moto wonsewo umakabisala mu nthunzimo, ndipo umatuluka pokhapokha nthunzi ikabwerera kukhala madzi. Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi Joseph Black wa ku Glasgow, m'zaka za m'ma 1760. Koma amayi otcheza kachasu amazidziwa ndi manja awo. Paipi yochoka mu mbiya imadutsa m'madzi ozizira. Chodontha m'botolo n'chochepa, koma madzi oziziritsira aja amatentha msangamsanga mpaka kuwatunga n'kuthiramo ena. Ndipo mayi wochenjera sawataya madzi otenthawo, amatsukira ziwiya kapena kusambitsira ana.

Vuto la injini ya nthunzi lili pomwepo. Nthunzi imalowa mu silinda ndi pulesha, n'kukankha pisitoni, n'kutuluka. Potulukapo pulesha yatsika, koma ikadali nthunzi, ndiye kuti moto wobisala uja, umene ndi wochuluka koposa, ikutuluka nawo. N'chifukwa chake sitima yapamtunda yoyendera malasha, mwa mafosholo 100 oponyedwa pamoto, osakwana 10 ndiwo ankasanduka mphamvu yokoka mabogi. Otsalawo ankapita kumwamba.

Injini zoyamba kugwira ntchito yooneka zinali za Thomas Newcomen ku England, kuyambira mu 1712, zopopa madzi m'migodi. Nthunzi inkalowa mu silinda, kenako ankafairamo madzi ozizira kuti isanduke madzi, m'katimo mutsale mopanda kanthu, mpweya wa kunja ukankhire pisitoni pansi. Zinkayenda, koma silinda yomweyo inkatenthedwa ndi kuziziritsidwa pa kukankha kulikonse, moti nthunzi yatsopano yambiri inkangothera kufunditsa chitsulo chimene achiziziritsa okha posachedwa. James Watt, amene ankakonza zipangizo pa yunivesite ya Glasgow, anapatsidwa kainjini kophunzitsira ka mtundu umenewu kuti akakonze, ndipo anadabwa ndi m'mene kankadyera nthunzi. Mu 1765 anapeza njira: nthunzi yogwira kale ntchito izituluka, izikazizirira m'chipinda chake chapadera, kondensa, pamene silinda ikhale yotentha nthawi zonse. Umwini wa nzeruyi anaulembetsa mu 1769. Madzi ofunda a mu kondensa ankawapopera ku boyila, ndipo injini yake inkagwira ntchito yofanana ndi yakale ija ndi malasha osafika theka.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa Watt ndi kalipiritsidwe kake. Iye ndi mnzake Matthew Boulton ankauza eni migodi ya ku Cornwall, kumene malasha anali odula, kuti awerengere malasha amene injini yakale ikanadya, achotsepo amene yatsopano yadya, ndipo pa opulumukawo awapatse gawo limodzi mwa magawo atatu. Malonda awo enieni anali malasha osapsa. Muisunge mfundo imeneyi.

Agogo athu anaidziwira nthunzi pa njanji. Njanji yochoka ku Nsanje, kumene kale kunkatchedwa Port Herald, inafika ku Blantyre mu 1908, ikukwera m'chigwa cha Ruo kudzera pa Thekerani, Sandama, Khonjeni ndi Luchenza. Ndi chikweza chosaseweretsa, kuchoka pansi penipeni ku chigwa cha Shire kukafika ku Limbe, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Achikulire amene anaimvapo sitima ya moto ikukwera pamenepo amakumbukira kupuma kwake, kuja kwa tchu, tchu, tchu komveka kutsidya kwa phiri. Phokoso limenelo inali nthunzi yotuluka m'masilinda, koma sinkangotayidwa chisawawa. Ankailozetsa m'kamwa mwa chumuni kudzera pa paipi yopanikiza, ndipo pothamangira kunja inkakoka utsi, utsi n'kukoka mpweya kudutsa pamoto. Sitima ikalemedwa pa chikweza inkapuma mwamphamvu, moto n'kukolera kwambiri, nthunzi n'kuchuluka pa nthawi yomwe ikufunika. Richard Trevithick anaiona nzeru imeneyi pa injini yake ya mu 1804 ku Wales, ndipo injini ya a Stephenson yotchedwa Rocket inapambana nayo mpikisano wa ku Rainhill mu 1829. Mukapita ku Chichiri, pa nyumba yosungira zinthu zakale, injini ina yakale ya pa njanjiyi ili panja. Mukaime kutsogolo kwake muone m'mene masilinda ndi chumuni zayandikirana.

Nzeruyo inali yabwino, komabe madzi onse ankauluka, n'chifukwa chake pa masiteshoni pankakhala mathanki aataliatali omwetsera sitima. Amisiri anayesa kulanda kanthu pa nthunzi yothawayo. Ena anaipatutsira pang'ono m'chipangizo chofunditsa madzi asanalowe mu boyila. Ena anasintha injekita ya Henri Giffard ya mu 1858, chida chokankhira madzi mu boyila ndi nthunzi, kuti izigwira ndi nthunzi yogwira kale ntchito. Koma amene anafika nayo patali ndi a ku South Africa. Ku Karoo, dera louma la dzikolo, madzi ndi osowa, ndipo opezekawo ndi amchere, owononga boyila. Pakati pa 1953 ndi 1955 anagula injini 90 za mtundu wa Class 25 zokoka chingolo chachitali chodzaza ndi mapaipi oziziritsira. Nthunzi yochoka m'masilinda inkayamba yazunguza fani yokoka utsi pa chumuni, kenako n'kupita kumbuyo kukazunguza mafani ena oziziritsa, n'kusanduka madzi, n'kubwerera mu boyila ikadali yotentha. Injini zimenezi sizinkapuma tchu tchu, zinkalira ndi mluzu wa fani, ndipo zinkayenda makilomita mazanamazana osamwa. Koma tinene zoona: zinali zovuta kusamala, phulusa la malasha linkadya mapiko a fani, ndipo m'zaka za m'ma 1970 pafupifupi zonse anazichotsa makondensa. Kupulumutsa nthunzi kuli ndi mtengo wake, ndipo pamene mtengowo waposa chopulumukacho, mmisiri woona amavomereza.

Pa nyanja ndiye panalibe kuchitira mwina, popeza malasha alionse onyamulidwa ankalanda malo a katundu. Kumeneko kunakula injini ya masilinda otsatizana: nthunzi ikankhe mu silinda yaing'ono, ituluke ilowe mu yokulirapo, ituluke ilowe mu yaikulu, kenako kondensa. John Elder anaika ya masilinda awiri m'sitima mu 1854, ndipo ya magawo atatu inafala itayesedwa bwino pa sitima ya Aberdeen ya mu 1881. Titanic ya mu 1912 inali ndi mapulopela atatu, ndipo yapakati inkazunguzidwa ndi tabaini, gudumu la mapiko lokankhidwa ndi nthunzi, yodya nthunzi yokhayokha yotsala ku injini ziwiri zam'mbali.

Tsopano tibwerere kwathu. Boyila ya pa fakitale ya tiyi masiku ano siyendetsa mashini, amenewo amayendera magetsi. Ntchito yake ndi kutenthetsa mpweya. Tsamba lothyoledwa kumene ndi madzi okhaokha, magawo atatu mwa anayi ndi kuposerapo, ndipo tiyi wouma amayenera kutsala ndi chinyezi cha 3 pa 100 basi. Pamafunika makilogalamu 4 ndi theka a masamba kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi. Madzi onse apakatiwo ayenera kuchoka, ena pofotetsa masamba m'mathirafu, zimabokosi zazitali zoyalamo masamba, ochuluka mu dilaya, mmene mpweya umalowa wotentha kupitirira madigiri 100. Nthunzi imachoka ku boyila, n'kudutsa m'maradiyeta, fani n'kukankha mpweya pakati pa mapaipi otenthawo. Ikapereka moto wake wobisala uja imasanduka madzi, madzi oyera bwino, otentha pafupifupi powira. Funso lonse lagona pa madzi amenewo: akupita kuti?

Ndili mnyamata ndinkawapititsira amalume nsima akakhala pa shifiti ya usiku, makamaka m'dzinja pamene masamba amachuluka ndipo fakitale sigona. Chipinda cha boyila chinkanunkha utomoni wa bulugamu ndi phulusa lonyowa. Zipika zotalika mita imodzi zinali mulu pakhomo, anyamata awiri ali chibadwire cha kumtunda akuziponya pa ng'anjo, chitseko chikatseguka nkhope zonse psuu. Amalume maso awo ankakhala pa zinthu ziwiri, muvi wa geji ndi galasi loonetsa madzi. Koma asanasambe m'manja ankayamba apita kuseri, pa thanki yomwetsera boyila, n'kuigunda ndi kunja kwa dzanja. Tsiku lina anandiitana.

"Mphwanga, tabwera ugwire apa."

Ndinagwira n'kuchotsa msanga. Inali yotentha.

"Ikatero ndiye kuti madzi athu akubwerako. Lero anyamatawa apumako. Tsiku lina udzaipeza yozizira, udzaone m'mene tidzavutikire."

"Nanga amalume, si madzi omwewo?"

"Madzi omwewo, koma awa tawalipirira kale nkhuni. A kudamu aja timayambanso kuwalipirira."

Sukulu inadzangondipatsa manambala a zimene ananenazo. Amisiri a maboyila amadziwa kuti madzi olowa akakwera ndi madigiri 6, nkhuni zimatsika ndi 1 pa 100. Madzi a kudamu ali pa 20, obwerera ku madilaya akhoza kufika pa thanki ali pa 90. Ndiye kuti pa mamendulo 10 alionse a nkhuni, imodzi yathunthu imapulumuka chifukwa cha paipi yobweza madzi basi. Onjezanipo kuti madzi obwererawo alibe matope kapena mchere, pamene a kudamu, makamaka m'dzinja, amasiya chikoko m'mapaipi a boyila, chikokocho n'kumatchinga moto kuti usafike ku madzi.

Pakati pa radiyeta ndi paipi yobwerera pamakhala kachida kamene timakatcha thirapu. Ntchito yake ndi kutsekereza nthunzi kuti isachoke isanapereke moto wake, koma kulola madzi kudutsa. Fita amaiyesa ndi sikuludiraiva, nsonga pa chitsulo, chigwiriro pakhutu. Yamoyo imamveka ikutsegula ndi kutseka, tcha, kenako zii, kenako tcha. Yakufa chotsegula imangoti fwiii osapumira, ndiye kuti nthunzi yamoyo ikungodutsa ulendo wa kunja. Yakufa chotseka imadzaza radiyeta ndi madzi, dilaya n'kuzizira, kapitawo n'kuyamba kukalipa kuti tiyi akutuluka wosauma, wina n'kuthamanga kukatsegula valavu yotayira pansi. Tiyi amauma ndithu, koma valavu ija ikatsegulidwa kawirikawiri imakhala chitsegulire mpaka nyengo itatha. Ndiko kufuka kwa m'ngalande kuja. Palinso kena kamene ambiri sakasamala. Madzi otentha ochoka pa pulesha akafika pa thanki yotsegula, gawo limodzi mwa magawo 10, kapena kuposerapo, limasandukanso nthunzi pompo. Imeneyo ndi yofooka, siingathe dilaya, koma mathirafu ofotetsera masamba amangofuna mpweya wofunda pang'ono, ndiye ikanawakwanira m'malo motuluka pa kapaipi ka padenga.

Pa fakitale ina imene ndinagwirapo ntchito, paipi yobweza madzi inadyeka ndi dzimbiri, ndipo inakhala choncho dzinja lonse. Tinalemba, tinakumbutsa. Yankho linali loti ndalama ya mapaipi kulibe chaka chino. Koma thirakitala ya nkhuni sinasowe dizilo, inkangowonjezera maulendo. Apa m'pamene ndinamvetsa gwero la vutoli. Paipi imagulidwa ndi ndalama yooneka pa pepala, pamene bulugamu wa m'nkhalango ya esiteti amaoneka ngati waulere, poti ndi wawo. Komatu si waulere. Hekitala iliyonse ya bulugamu ndi nthaka, ndipo aliyense wa ku Thyolo kapena ku Mulanje amadziwa kuti nkhani ya malo kuno ndi chilonda. Mabanja akulima chimanga pa zikweza zoti munthu aime chopendekera. Phiri la Thyolo, limene makolo athu analiona lili ndi nkhalango yowirira, lero lili mbee. Mayi amadzuka m'bandakucha kukasaka mtolo wa nkhuni, kuseri kwa mpanda mendulo yathunthu ikuthera m'ngalande. Madzi akatayika sawoleka, koma awa tikuwataya tikuona.

Kubweza madzi ndi chiyambi chabe. Tsikani phiri mupite ku Nchalo muone m'mene fakitale ya shuga imachitira, monga amachitira mafakitale a shuga kulikonse. Amawotcha zinyalala za nzimbe zofinyidwa, n'kupanga nthunzi ya pulesha yaikulu. Nthunziyo imayamba yazunguza matabaini opereka magetsi ndi mphamvu yofinyira nzimbe. Yotuluka m'matabaini amawiritsira madzi a nzimbe mu chithini choyamba. Nthunzi yofuka m'madzi a nzimbewo imakawiritsa chithini chachiwiri, mmene pulesha aitsitsa kuti madzi aziwira asanatenthe kwambiri, ya chachiwiri n'kuwiritsa chachitatu, mpaka kumapeto. Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi Norbert Rillieux wa ku New Orleans m'zaka za m'ma 1840, munthu wobadwa kwa mayi wachikuda m'dziko limene akapolo ndiwo ankatunga madzi a nzimbe owira ndi zipande, kuchoka mu mphika wina kupita mu wina, ambiri n'kumapsa.

Fakitale ya tiyi ikhoza kutengerapo. Malo opangira magetsi ndi moto amataya pafupifupi theka la kutentha kwake mu kondensa, chifukwa alibe poti akugwiritsire ntchito. Ife kuno potigwiritsira tili napo kale, ndi madilaya ndi mathirafu. Boyila itakhala ya pulesha yokwererapo, nthunzi n'kuyamba yadutsa mu tabaini yozunguza jenereta, yotulukayo n'kupita ku maradiyeta, nkhuni zowonjezera zikanakhala zochepa poyerekeza ndi magetsi otulukawo, popeza moto wobisala uja sukutayika, ukukaumitsa tiyi. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 pakati penipeni pa nyengo ya masamba. Tsamba lothyoledwa silidikira magetsi, likachedwa limapsa lokha m'mulu. Majenereta a dizilo analira usana ndi usiku, dizilo wogulidwa ndi ndalama zakunja, pafupi pomwepo boyila ikuyaka.

Sindikunena kuti n'zophweka. Boyila ya pulesha yaikulu ndi yodula, imafuna madzi osefedwa bwino ndi woyang'anira wophunzitsidwa, chifukwa ikaphulika sipatsala wofotokoza. Madilaya amafuna nthunzi yotentha ndithu, ndiye tabaini siingaifinye mpaka kumapeto, magetsi ake amakhala apakatikati. Ndiponso tiyi wathu ndi wa nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo fakitale imadzaza, koma m'chilimwe masamba amachepa, ndipo makina odula okhala chigonere miyezi ingapo amachedwa kubweza ndalama. Pa fakitale yaing'ono mwina sizingapindule, monga zinakanikira kumapeto kwake ku Karoo kuja. Pa yaikulu, kapena pamene pali makadamiya ndi zina zofuna kuumitsa m'miyezi ina, ndikukhulupirira kuti masamu ake akhoza kutuluka, ndipo ndi masamu oyenera kuwachita poyera m'malo mongoti sitinazolowere.

Koma za thirapu, za paipi yobwerera, za kukuta mapaipi otentha ndi zofunda zake kuti asamatenthetse denga, za kuumitsa nkhuni miyezi ingapo zisanapite pamoto, zimenezo sizifuna ngongole ya kubanki. Apa ndi pamene kalipiritsidwe ka Watt ndi Boulton kangatithandize. Tili ndi achinyamata omaliza m'sukulu za ntchito zamanja, odziwa kuwotcherera ndi kumanga mapaipi, amene akungokhala pa Luchenza ndi pa Chitakale. Atapangana kagulu, n'kupita kwa manejala kukanena kuti bwana, musatilipire lero, ife tikonza mathirapu, tibweza madzi ku thanki, tikuta mapaipi, ndipo pa nkhuni zimene zipulumuke mudzatipatse gawo limodzi mwa atatu kwa zaka ziwiri, manejala wanzeru sangakane, poti palibe chimene akutaya. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Mamendulo olowa pa geti amalembedwa kale tsiku ndi tsiku, makilogalamu a tiyi otuluka nawonso amalembedwa. Agawe mamendulo ndi matani a tiyi a nyengo yathayi, adzagawenso a nyengo ikubwerayi. Chowonjezera ndi kachipangizo koyezera kutentha pa thanki yomwetsera boyila, ndi kabuku koti wa pa shifiti azilembamo nambala yake ola lililonse.